Mlendo Wochokera Kum'mawa: Chibuda ndi Gombe la Salima

Gombe la Salima lakhala khomo lolandirira alendo kuyambira kale. Makolo athu Achewa anali ndi akachisi awo a mvula ndi gule wawo, likulu la Kalonga lili ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota ndi zombo zake, nadza ndi Chisilamu pamodzi ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Pambuyo pake Ayao anafika kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo maina a mafumu monga Maganga, Pemba, Makanjira ndi Bibi Kuluunda ndi mboni za ulendowo. Akhristu nawo sanachedwe. Amishoni a ku Scotland anamanga ku Cape Maclear mu 1875, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba ntchito pa Mvera mu 1889, ndipo ansembe a Chikatolika anatsegula Mua mu 1902. Pamene njanji imafika ku Salima mu 1935, belu la tchalitchi ndi mawu oitanira anthu ku swala zinali zitazolowereka kale m'makutu a anthu a kuno.

Mlendo amene ndikufuna kumufotokoza anafika m'dziko muno mochedwa kwambiri, ndipo sanadzere panyanja. Dzina lake ndi Chibuda. Pa kalembera wa anthu wa 2018, Amalawi tinali oposa 17.5 miliyoni, koma otsata chipembedzochi anali zikwi zochepa chabe. Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji kulemba mbiri ya kagulu kakang'ono chotere. Yankho langa ndi la akulu aja: mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinakulira m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Senga Bay, ndipo ndaona kuti kalumo ka mlendoyu kakhoza kumeta pena pamene pakutivuta masiku ano, malinga tikagwire bwino kuti kasaticheke.

Chiyambi cha nkhaniyi chili kutali. Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, kunabadwa Siddhartha Gautama, mwana wa banja lachifumu. Mbiri imene Abuda amasunga imati anakula osadziwa njala kapena usiwa, kufikira tsiku limene anaona nkhalamba, munthu wodwala ndi maliro. Zimenezi zinamusowetsa tulo. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba, mkazi ndi mwana, napita kukafuna yankho la funso limodzi: n'chifukwa chiyani munthu amavutika? Kwa zaka 6 anadzizunza ndi kusala kudya mpaka nthiti kuwerengeka, koma yankho silinabwere. Kenaka anadya, nakhala phee pansi pa mtengo wa m'banja la mkuyu ndi kachere, pamalo otchedwa Bodh Gaya. Pamenepo ndi pamene anatchedwa Buddha, kutanthauza wogalamuka. Anaphunzitsa zaka 45, namwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80.

Zimene anaphunzitsa pa ulaliki wake woyamba ku Sarnath n'zosavuta kuzimva. Choyamba, moyo uli ndi masautso: kukalamba, kudwala, kusiyana ndi okondedwa, kusapeza chimene ukufuna. Chachiwiri, gwero la kuzunzika kwa mumtima ndi chilakolako chosakhuta, chimene m'chilankhulo cha Pali amachitcha ndi mawu otanthauza ludzu. Chachitatu, ludzu limeneli lingathe kuzimitsidwa. Chachinayi, pali njira ya mbali 8 yolizimitsira, yokhudza kaganizidwe, kalankhulidwe, ntchito imene munthu amadyerapo ndi kuphunzitsa mtima kudekha. Kwa anthu wamba anapereka malangizo 5: kusapha chamoyo, kusaba, kusachita chiwerewere, kusanama ndi kusaledzera. Mchewa akamva za ludzu losakhuta lija amakumbukira pusi amene anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma, ichi chakoma.

Africa inamveka msanga m'mbiri ya Chibuda. Mfumu Ashoka ya ku India, itakhetsa mwazi woopsa pa nkhondo ya ku Kalinga cha m'ma 261 Yesu asanabadwe, inamva chisoni ndi kutembenukira ku chiphunzitso cha Buddha. Pa miyala imene inalembetsa, imene ilipo mpaka lero, inatchula mafumu akutali amene inawatumizira uthenga, kuphatikizapo Ptolemy wa ku Egypt ndi Magas wa ku Cyrene, kumene lero ndi Libya. Koma mbewuyo sinamere. Panadutsa zaka zoposa 2,000 kuti akachisi a Chibuda ayambe kuoneka m'chigawo chathu chino. Anthu a ku Sri Lanka amene anabwera kudzagwira ntchito ku Dar es Salaam anamanga kachisi wawo m'zaka za m'ma 1920. Ku South Africa, malo osinkhasinkhirako a ku Ixopo anatsegulidwa mu 1980. Ku Uganda, mmonke wa komweko, Bhante Buddharakkhita, anayambitsa malo a Chibuda m'mbali mwa nyanja ya Victoria mu 2005.

Njira imene Chibuda chinadzera pofika ku Malawi inayambira ku Taiwan, dziko limene linali paubale ndi boma lathu kuyambira mu 1966 ndipo linatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Mu 1992 gulu la Fo Guang Shan linatuma mmonke wina, Hui Li, kukamanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kufupi ndi Pretoria. Kumeneko anatsegulanso sukulu yophunzitsa anyamata a mu Africa umonke. M'maulendo ake anafika kuno nthawi imene Edzi inali kusesa midzi, agogo akutsala ndi adzukulu ambirimbiri opanda wowadyetsa. Hui Li anasankha kulalikira kudzera m'kulera ana amasiye, ndipo mu 2004 malo otchedwa Amitofo Care Centre anayamba kulandira ana ku Mapanga, kunja kwa Limbe. Dzina loti Amitofo ndi katchulidwe ka Chitchaina ka Buddha wina, Amitabha, amene otsatira ake amabwereza dzina lake popemphera. Pamene boma la Bingu wa Mutharika linalengeza mu Januwale 2008 kuti lasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing, akazembe anapakira katundu, koma amonke a ku Mapanga anatsala ndi ana awo.

Moyo wa pamalopo ndi wa mwambo wokhwima. Ana amadzuka kusanache kukaimba mapemphero m'kachisi, sadya nyama kapena nsomba, amaphunzira Chitchaina pamodzi ndi maphunziro a boma, ndipo amachita masewero a kung fu amene akhala akukaonetsa m'maiko akunja pofuna thandizo la ndalama. Ana ambiri amene akadathera m'misewu anapeza denga, chakudya ndi sukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa ichi amonkewo tiyenera kuwathokoza.

Komabe mphatso imeneyi ili ndi mtengo wake. Mu 2019 mayi wa ku South Africa, Nicole Schafer, anatulutsa filimu yotchedwa Buddha in Africa, imene inatsata moyo wa mnyamata wa Chiyao woleredwa ku Mapanga. Mnyamatayo anali katswiri wa kung fu, wolankhula Chitchaina mosadodoma, koma akapita kumudzi kwa agogo ake a Chisilamu Chiyao chinkamuvuta. Pomaliza sukulu anayenera kusankha pakati pa kupita kukaphunzira ku Taiwan ndi kubwerera kwa abale ake. Nditaonera filimuyi ndinakumbukira nkhani zimene akuluakulu a kwathu ankasimba za nthawi ya amishoni, pamene mafumu ena a Chiyao ankakaniza ana awo sukulu poopa kuti akabatizidwa ndi kudyetsedwa nkhumba. Funso limene makolo aja anali nalo labweranso: kodi mwana angalandire nzeru za mlendo popanda kutaya dzina, chilankhulo ndi manda a makolo ake?

Mbiri ya zaka 60 zapitazi ikuonetsa kuti mbali ina ya Chibuda ingathe kuyenda yokha, yosanyamula mkanjo, lumo lometera mpala kapena chilankhulo cha eni ake. Mbali imeneyi ndi kusinkhasinkha. Mu 1969 S.N. Goenka, wamalonda wobadwira ku Burma, anayamba kuphunzitsa ku India maphunziro a masiku 10 okhala chete ndi kuyang'anitsitsa mpweya ndi zimene thupi likumva. Ankalandira Ahindu, Asilamu ndi Akhristu osawauza kuti asiye zipembedzo zawo. Mu 1994, mkulu wa ndende ya Tihar ku Delhi, mayi Kiran Bedi, analola kuti akaidi pafupifupi 1,000 achite maphunzirowa nthawi imodzi. Ku America, Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 maphunziro a masabata 8 pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts, othandiza odwala amene ululu ndi nkhawa zinawakanirira. Kuchokera pamenepo kusinkhasinkha kunalowa m'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi, mpaka lero kumapezeka ndi m'mafoni momwe.

Kachitidwe kake n'kosafuna ndalama. Munthu amakhala pansi, msana uli chilili, n'kuika mtima pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Posakhalitsa maganizo amathawa: ngongole ya kugolosale, mawu opweteka amene mlamu ananena pamaliro, fizi ya mwana. Ntchito yonse yagona pa kuzindikira kuti mtima wathawa ndi kuubweza ku mpweya, osaukalipira, monga mbusa abweza mbuzi yolowera m'munda. Akachita zimenezi tsiku ndi tsiku, munthu amayamba kuona mkwiyo kapena chilakolako chikamabwera, chisanamugwire pakhosi. Pakati pa kupsa mtima ndi kutukula dzanja pamatseguka kampata kakang'ono, ndipo m'kampata kameneka munthu amatha kusankha.

Luso lotere si lachilendo kwenikweni pagombe lathu. Malume anga anali siginala, munthu amene amakhala pabwato la nyali usiku wopanda mwezi kukopa usipa, anzake akudikira ndi chilimira. Ndili mnyamata ananditengako kawiri. Ankakhala maola osayankhula, maso ali pamadzi, akumvetsera mphepo ndi kuona mmene nsomba zikusonkhanira pansi pa kuwala. Ndikayamba kutakataka ankangoti, "Mphwanga, khala pansi. Nyanja siuza munthu waphokoso." Akakweza mawu mofulumira, khoka likadatsika nsomba zisanadzaze, akachedwa, zikadabalalika. Malume anamwalira ali Msilamu wa swala zisanu, osamvapo dzina la Buddha, koma ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene Abuda anachita ndi kutenga kudekha kotereku, kukusandutsa phunziro lokhala ndi makwerero ake, n'kukuloza ku mtima wa munthu m'malo mwa nsomba.

Chitsanzo chachikulu cha kudziletsa m'boma lathu chili pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo kutseka ndi kutsegula komwe kumachitika ndi mwambo pa doko la Chikombe. Nyengo ya usodzi ikafika pali malamulo ake: pachilumba sipafika mowa, chamba kapena juga, ndipo akazi saloledwa kukhalapo. Ophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Zotsatira zake n'zooneka ndi maso. Pamene chambo chinatha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka osasiya ndi ana omwe, utaka wa ku Mbenje ukadali wonenepa, ndipo akatswiri a za nsomba amapita kukaphunzirako.

Ndikaika malamulo a ku Mbenje pambali pa malangizo 5 a Buddha, ndimaona nzeru yofanana yotulukira m'zitsime ziwiri zotalikirana. Onse awiri anazindikira kuti ludzu la munthu likapanda malire limaumitsa chitsime chimene iye mwini amamwapo. Mafumu a ku Mbenje anaika malire panyanja. Buddha anaphunzitsa kuika malire mumtima. Msodzi amene amapuma miyezi inayi kuti nsomba ziswane angamvetse msanga chifukwa chimene munthu ayenera kupumitsa maganizo ake kwa mphindi khumi.

Pali pamene mlendoyu ndi ife tisemphana, ndipo sindibisa. Langizo loyamba lija likuletsa kupha chamoyo, ndipo mabuku akale a Chibuda amaika usodzi m'gulu la ntchito zosayenera munthu wofuna njira yangwiro. Kuuza munthu wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka kuti asiye nsomba ndi kumuuza kuti ana ake agone ndi njala. Komanso Chibuda sichiphunzitsa za Mlengi monga timamudziwira ife, kaya timutche Chauta, Mulungu kapena Allah, ndipo chimakhulupirira kuti munthu amabadwanso kambirimbiri. Izi n'zosiyana kwambiri ndi zimene ambiri a ife timavomereza. Koma ngakhale m'maiko a Chibuda anthu anapeza pokhalira. Ku Cambodia, kumene pafupifupi aliyense ndi Mbuda, nyanja ya Tonle Sap imadyetsa anthu mamiliyoni ndi nsomba, ndipo asodzi ake amapereka chakudya kwa amonke m'mawa. Ngati iwo anatha kutenga zimene angakwanitse, ifenso tingathe kutola kalumo n'kusiya thumba.

Chifukwa chimene ndikuonera kuti kalumoka n'kofunika ndi mmene moyo wa pagombe wasinthira. Nsomba zachepa, mafuta a injini akwera, ndipo mu Novembala 2023 Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mnyamata amene wakoka chilimira usiku wonse amalandira ndalama zake m'mawa, foni ili m'manja, ndipo m'fonimo muli juga ya mpira yomulonjeza mamiliyoni. Pofika masana ndalama zatha, madzulo ali kwa wakatapila. Msuweni wanga wina anagulitsa ukonde wa bambo ake mwa njira imeneyi. Sanali woipa mtima kapena wopusa. Chala chinkangofika pafoni mutu usanafunsidwe. Malipoti a apolisi a zaka zaposachedwa akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Ife amuna tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, koma palibe anatiphunzitsa chochita ndi moto umene umatsala m'chifuwa.

Sindikunena kuti kuwerenga mpweya kungabweze ngongole kapena kudzaza nkhokwe. Wodwala maganizo ayenera kupita kuchipatala, kaya ku Zomba kaya kwa a St John of God, ndipo wanjala afunika chimanga. Abuda enieni amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake Hui Li anayamba ndi phala ndi denga, ndipo bungwe la Tzu Chi, limene mayi wodzipereka Cheng Yen anayambitsa ku Taiwan mu 1966, linafika ndi thandizo kwa anthu a m'chigawo chino namondwe wa Idai atawononga mu 2019. Palinso ngozi yakuti kusinkhasinkha kungasanduke mankhwala ogonetsa anthu, kuti wolipidwa pang'ono azingopuma mpweya m'malo mofunsa malipiro oyenera. Kudekha koona kuyenera kumuthandiza munthu kuona bwino chimene chalakwika ndi kuchinena ndi mawu oongoka.

Ine ndine Mkhristu, ndipo ndikhala Mkhristu. Koma kwa zaka zingapo tsopano, ndisanayatse wailesi kapena kugwira foni m'mawa, ndimakhala pakhonde n'kuwerenga mpweya khumi, kenaka khumi wina, mpaka mphindi khumi zitakwana. Masiku ambiri mtima umathawa ndisanafike pa zisanu, ndipo ndimaubweza. Phindu limene ndaona ndi laling'ono koma lenileni: mawu amene kale ankatuluka okha pokangana m'nyumba, tsopano ndimawaona akubwera, ndipo ena ndimawameza. Sindinapeze kuti zimenezi zikulimbana ndi pemphero langa. Amayi anga ankachita korona, anzanga a Chisilamu ali ndi mikanda yawo yotamandira Mulungu, ndipo Abuda ali ndi mikanda 108. Zala za anthu a zipembedzo zitatu zinapeza njira imodzi yokhazikira mtima pansi, ngakhale mitimayo ikuyang'ana kosiyana.

Phunziro lina la Buddha limene munthu wa kunyanja safuna womasulira ndi lakuti palibe chokhalitsa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja yathu inatsika kwambiri moti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanjamo. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, n'kumiza mchenga umene anthu anaugula ndi ndalama zambiri poganiza kuti udzakhala wawo mpaka kale. Nyanja imapatsa ndi kulanda, monganso unyamata, udindo ndi chuma. Wodziwa zimenezi amamanga nyumba yake patali pang'ono ndi madzi, ndipo sadzimangirira m'khosi chifukwa cha chaka chimodzi choipa.

Mbiri ya gombe lino ikutiphunzitsa kuti mlendo aliyense amene anafika kuno anasinthidwa ndi eni mudzi. Chisilamu chinaphunzira kulankhula Chiyao, n'kulowa m'jando ndi m'sadaka. Chikhristu chinayamba ndi kuletsa ng'oma, koma pa Mua pomwepo Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, malo amene anasonkhanitsa zigoba za gule wamkulu mazanamazana pabwalo la mishoni. Chibuda chili ndi zaka zongopitirira 20 m'dziko muno, ndipo chikadalankhula Chitchaina. Ana oyamba a ku Mapanga tsopano ndi akuluakulu, ena ndi aphunzitsi ndi omasulira. Ndi iwowo amene angatiuze m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga zimene anaphunzira m'bandakucha muja, n'kusiyanitsa zimene zili za ku Taiwan ndi zimene zili za munthu aliyense. Tsiku limene adzatero, adzapeza kuti ku Chikombe kuli akuluakulu amene akhala akutseka nyanja kwa zaka 70, ndipo mbali zonse ziwiri zidzakhala ndi chophunzitsana.